Mabotolo a Lachinayi

Ine ndine wotsuka mabotolo.
Dzina langa silikhala pa satifiketi ya munthu,
koma Lachitatu madzulo, koleji itati zii,
ndimawiritsa mabotolo makumi anayi ndi awiri,
kuwamata timapepala, kuwandandalika m'bokosi la ayezi
ngati mazira a nkhuku ya eni.

Mawa ndi ku Kanyama.

A Mweemba adzaliza basi sikisi isanakwane,
atamenya kale nkhondo ya dizilo ku ofesi ya ndalama,
kumene Mayi Sinyangwe, chidindo chili m'manja,
anadikira bwana mpaka alonda kusinthana
kuti pepala limodzi lisainidwe.
Izi ophunzira sazidziwa.
Iwo amangokwera, n'kumalimbirana mpando wa pawindo.

Tikadutsa pa Soweto, pomwe mawilibala amadula msewu osapepesa,
phula limatha, basi imayamba kusambira.
A Khondowe amavula nsapato za m'kalasi,
kuvala magambuti ong'ambika kuchidendene,
n'kunena mawu omwewo chaka ndi chaka:
"Kope likhale kaye m'thumba. Yambani ndi moni.
Chitsime chili ndi mwini wake."

Chaka chino kunali Nchimunya,
mnyamata wa masamu, waphuma,
amene analemba tisanatsike n'komwe:
anthu a kuno sadziwa za madzi.
A Khondowe anawerenga, sanakalipe.
Anangomupereka kwa Amake Taonga, ogulitsa zitumbuwa pakona,
kuti awanyamulire chigubu tsiku lonse.

Mayiwo anamuyendetsa zitsime zisanu ndi ziwiri.
Ichi chimanunkha mvula ikagwa kawiri.
Ichi n'chabwino mpaka chimbudzi cha a landilodi chitasefukira.
Ichi tinachisiya chaka chomwe tinaika mwana wa Esinala.
A pampopi ndi oyera, inde,
koma chigubu chilichonse ndi ndalama,
ndipo ikamakwana naini mpopi wayamba kale kutsokomola mphepo.

Anabwerera matope ali m'mawondo,
phewa litatupa, pakamwa pali gwa.

Masiku awiri mu labu,
magetsi akubwera ngati mlendo wodutsa,
ine ndikugona pabenchi kulondera jenereta
kuti timbale tisazizire.
Loweruka tinawerenga timadontho pansi pa nyali:
chitsime ndi chitsime, monga ananenera mayi aja,
osaphonya ndi chimodzi chomwe.

Kale zikafika apa lipoti linkakwera pashelefu
kukadya fumbi ndi anzake.
A Khondowe anapukusa mutu:
"Madzi tinatunga kwa eni, yankho libwerere kwa eni."
Mayi Sinyangwe anatulutsanso chidindo.
A Mweemba anakagogodanso pakhomo lija, chipewa chili m'manja.

Tinakumana m'tchalitchi cha malata, mvula ikutiposa mawu,
Nchimunya akuwerenga m'Chinyanja chotsimphina cha mwana wa ku Monze,
azimayi akumuwongola, akuseka.
Atafika pa mayina a olemba lipoti,
Amake Taonga anakweza dzanja:
"Limenelo ndi la mwana. Langa ndi Jenala Mphanza."
Anafufuta, nalemba.

Bambo wina kumbuyo anaimirira osapempha mpata.
"Mwatiuza zomwe mphuno zathu zinatiuza kale.
Nanga ngalande akumba ndani?"
Malata okha ndiwo anayankha.
A Khondowe anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali.
"Sitikudziwa, bambo.
Koma kalata ya ku khonsolo tilembera pompano,
manambala athu, mawu anu,
ndipo okaitula tikhala tonse."
Bamboyo sanaombe m'manja. Anapempha cholembera.

Usiku uno ndatsukanso mabotolo.
Akwana makumi anayi ndi limodzi.
Linalo ndikudziwa kumene lili:
pawindo la Mayi Mphanza,
ndi mzere wofiira umene Nchimunya anajambula m'mbali,
poyezera mankhwala othira m'madzi.

M'buku la katundu muli malo olemba zosweka ndi zotayika.
Ndadumpha onse awiri.
M'mphepete, ndi pensulo, ndalemba kuti:
lili kuntchito.